Mphepo ya mu Ubweya wa Agalu

Filimu itangotha, katswiri wounika mafilimu anaimirira, nakonza tayi, n'kulanda chimkuzamawu ngati anabadwa nacho.

"Bambo, ubweya wa agalu anuwa sukhazikika. Ukungonjenjemera filimu yonse, ngakhale m'nyumba motseka mawindo. Mphepo imeneyi ikutanthauza chiyani?"

Mmisiri wa zidole, mwini filimuyo, anayang'ana zala zake. Kwa zaka zinayi ankasuntha tiagalu ta waya ndi ubweya wa nkhosa: kusuntha mwendo, kujambula, kupinda khutu, kujambula. Paliponse pomwe chala chakhudza, ubweya unkagonera kwina, ndipo zithunzizo zikalumikizidwa unkaoneka ngati ukunjenjemera. Mphepo yake inali imeneyo basi. Tsiku lomwe anaona zimenezi koyamba analira, nafuna kuitaya filimuyo.

Mkazi wake, pampando wakutsogolo, ankazidziwa zonsezi. Diso lake linkati, "Bambo a mwana, nenani zoona tizipita kwathu." Koma mawa katswiriyu alemba m'nyuzipepala, ndipo cholembera chake chimadzaza holo kapena kusiya mipando yokhayokha.

"Kodi inuyo mwaonamo chiyani, bwana?" anafunsa mmisiriyo, ndipo ankafunadi kudziwa.

Katswiri sanachedwe. Anati ndi mantha a munthu wosauka, mpweya wa imfa, dziko losapumitsa ngakhale galu. Anthu ankagwedeza mitu. Mayi wina anapukuta misozi.

Mmisiri anamvetsera kukamwa kuli yasa. Sankadziwa kuti ndi munthu wozama chonchi.

"Mayi a mwana, tandiponyerani cholembera," anatero. "Bwana, tabwerezani pa imfa paja, koma pang'onopang'ono."