Jombo za a Solomoni

"Jombo zamisomali muli nazo ndinu?" mkulu wa anyamata achipani adafunsa a Solomoni, atanyamula mbendera yamatope yodzala zidindo za misomali.

Ku Dzoole konse, jombo zotere adali nazo a Solomoni okha, zomwe adabwera nazo kuusilikali wa Keyala. Koma dzulo lake Kalebe, mwana wa mlongo wawo, adazitenga mozemba popita kukafunsira mbeta. Pobwerera adaterereka m'matope, n'kugwetsa mtengo wa mbendera, n'kuiponda pothawa.

Kalebe adayasama kuti aulule, koma amalume akewo adafulumira kuyankha.

"Ndine, ndipo palibenso wina amazivala," adatero a Solomoni.

Akuwakweza m'lole, a Solomoni adakodola Kalebe n'kumunong'oneza:

"Kavale masokosi, mphwanga. Matuza a jombo ali kuzidendenewo angakuulule."