Wothawa Amwano

Galimoto yonyamula katundu itangochoka, Darlene Kowalczyk anaima pakhonde la nyumba yake yatsopano ku Tennessee, manja ali m'chiuno. Makatoni anali mbwee pabwalo. Msewu unali zii. Panalibe woliza hutala, panalibe wotukwana. Koma mtima wake unali ukuwirabe, mano atalumana ngati munthu amene akudikira mbama.

Mkulu wina wa imvi anatulukira kuchokera kunyumba yoyandikana nayo, atanyamula mbale yovundikira ndi kansalu.

"Takulandirani, mayi. Ndine Alvin Truesdale, wa khomo ilo. Mkazi wanga waphika chigumu ichi kuti mulaweko. Mwachokera kutali?"

"Ku Philadelphia," anatero Darlene ngati akulavula mankhwala owawa. "Ndipo sindidzapondakonso. Ngakhale mtembo wanga usadzapite kumeneko."

Alvin anafuna kunenapo kanthu, koma mayiyo anali atayamba kale.

Anamukhuthulira zonse. Moyo wake wonse wauchikulire unathera m'mabasi a mumzinda uja, m'mawa ndi madzulo, ndipo silinkapita tsiku osatukwanidwa. Mnyamata wina anamulavulira pajekete. Mzimayi wina wotchena bwino, wooneka ngati mtsogoleri wa kwaya, anamuthira khofi wotentha pamiyendo. Ana asukulu ankamutcha mfiti. Ena ankamenya zenera la pamene wakhala, maso ali psuu. Ena ankamujambula ndi mafoni kuti dziko lonse likamuseke.

"Ine, bambo! Mzimayi wamasiye, wa msinkhu wangawu! Ndinawalakwira chiyani? Kumene kuja ukapatsa munthu moni amakuyang'ana ngati wamupisa m'thumba. Agalu okhaokha. Iyayi, agaluwo ndawanyoza. Galu amagwedezako mchira."

"Pepani, mayi."

"Pepani? Mawu amenewo ndatha zaka osawamva!"

Analandira mbale ija n'kuiika pakatoni mwamphamvu moti chigumu chinadumpha. Dokotala, anapitiriza Darlene, anamuchenjeza kuti magazi akuthamanga kwambiri, akapanda kusamala adzagwa pamsewu. Ndipo akanagwa, anthu aja akanangomulumpha ngati chithaphwi. N'chifukwa chake anagulitsa nyumba imene analereramo ana ake. Anasiya manda a mwamuna wake opanda wokaikapo maluwa. Anasiya zidzukulu zikulira pachipata, mwana wake wamkazi akumugwira mkono kuti aganizenso.

"Andilanda zonse, anthu amwano aja. Andithamangitsa kwathu ngati wakuba. Ndili pano pakati pa alendo, ukalamba uno, chifukwa choti anthu analephera kulera ana awo!"

Misozi inalengeza m'maso mwake, koma inali misozi yaukali. Anaipukuta ndi kuseri kwa dzanja.

Alvin anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Ndikukumvetsani kuposa mmene mukuganizira, mayi. Nafenso kwathu n'komweko. Tinasamuka chaka chatha."

"Musatero!"

"Zoona. Bernadine wanga anafa ziwalo mbali imodzi, amayendera chikuku. Kuchipatala ankapita yekha, sankafuna kukhala mtolo kwa munthu. Tsiku lina, nyengo yachisanu, wina anamuchita chipongwe pasiteji ya basi, choti ine sindingachibwereze ndi pakamwa pangapa. Anakhala pamphepo mpaka chibayo chinamulowa. Tinatsala pang'ono kumutaya. Atatuluka m'chipatala anangoti, 'Alvin, ndichotse muno ndisanafe.' Mpaka lero akamva kulira kwa basi, thupi lonse limanjenjemera."

Darlene anaomba m'manja kamodzi, phaa!

"Mwaona? Mwaonatu? Munthu wodwala! Wapachikuku! Kodi anthu amenewa anabadwa kwa mkazi? Akanakhala pano ameneyo ndikanamukolowola maso ndi zikhadabo zangazi. Wotereyo ngofunika akaolere kundende, asadzaonenso dzuwa!"

Mawu ake anamveka mpaka kutsidya kwa msewu. Galu wina anayamba kuuwa, ndipo nsalu ya pazenera lina inagwedezeka. Darlene sanasamale. Pachifuwa pake panayamba kupepuka. Ulendo wonse uja anabwera akudzifunsa ngati sanalakwitse kusamuka, ndipo taonani, khomo loyamba lomwe wapeza anthu odziwa ululu wake. Awa ndiye abale, anatero mumtima.

"Kawaitaneni mayiwo ndiwaone," anatero. "Ife othawa nkhondo imodzi tiyenera kudziwana."

Panalibe chifukwa chokawaitanira. Chitseko cha kwa a Truesdale chinali chitatseguka kale. Mayi wochepa thupi, atafunda shawelo, anali atakankha chikuku chake ndi dzanja limodzi mpaka kumapeto kwa khonde. Sanamwetulire. Anangoti maso tong'o pa Darlene.

"Bernadine, awa ndi anansi athu atsopano," anatero Alvin mosangalala. "Sungakhulupirire kumene achokera."

"Ndikudziwa kumene achokera. Alvin, tabwera kuno msanga," anatero Bernadine. "Mawu amenewo ndingawazindikire ngakhale ndili m'manda. Ameneyo ndi dalaivala uja. Ndi amene ananditsekera chitseko n'kukuwa kuti basi yake si ambulansi."

Darlene anamuyang'anitsitsa mayiyo, nkhope ndi chikuku chomwe, kuyesa kukumbuka tsiku lake. Zinakanika. Amene anawasiyapo pasiteji anali ambiri.