Khoma la Luzi la Mlambe

Panja, dzuwa la masana la ku Tete linkawotcha mpaka nkhuku kuyasama. Ermelinda analowa yekha m'kanyumba kake koyeserera njerwa n'kuyang'ana choyezera kutentha. Kunja chinali chitaloza madigiri 43. M'katimo chinatsika kufika 17.

Zaka zitatu akusakaniza dothi, mankhusu ndi luzi kuti aumbe njerwa zoziziritsa nyumba, choyezeracho sichinatsikepo chonchi. Tsembwe linamugwira m'mikono.

"A Zakariya, talowani mudzaone!"

Zakariya, mmisiri wake, anaima patali, chipewa chili m'manja. "Ine ndikuonera pompano, Dona."

"Mukuopa chiyani, bambo wamkulu ngati inu? Kodi luzi limeneli munakasenda kuti?"

"Milambe yapafupi anthu anaisenda kale. Unatsala umodzi, wamphako uja wa kuseri kwa phiri." Anatsitsa mawu. "Uja salozako chala uja, amati mumakhala mizimu ya makolo."

Ermelinda anaseka, nagunda khoma ndi chikhatho. Linali lozizira ngati mtsuko. Kenako linakankha dzanja lake pang'ono, n'kubwerera. Linakankhanso, n'kubwerera, monga chimachitira chifuwa cha munthu wogona.

Galimoto inaima pabwalo. Anali mkulu wa maphunziro, amene anabwera kudzavomereza kuti makalasi asanu ndi limodzi amangidwe ndi njerwa zimenezi.

Mkuluyo anasuzumira pakhomo akupukuta thukuta. "Eee, koma ndiye kuzizira bwino! Ana athu apuma."

Kenaka anavula chipewa, nawerama mwaulemu, maso ali kumbuyo kwa Ermelinda.

"Pepani agogo, sindinakuoneni. Mwaswera bwanji nonsenu?"

Ermelinda sanacheuke.