Mbewa za M'makola Ofiira

Mbewa yomaliza inali italowa kale m'makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi, pamene Dokotala Namgung Hye-rin anafika. Sanavule n'jasi lomwe. Anaima kumbuyo kwa Tak, katswiri woyendetsa makinawo, maso ali pa kompyuta.

Makina ankagunda ngati wina akukhoma malata. Mkati mwake munagona mbewa yoyera ya bere la masiku khumi ndi anayi, ataigonetsa ndi mankhwala. Zithunzi zinayamba kubwera. Tiana tisanu ndi titatu, kalikonse kocheperapo kuposa njere ya nyemba.

"Takulitsani kachitatuko," anatero Namgung.

Tak anakakulitsa. Pamene pankayenera kukhala ubongo panali mphako yakuda. Anakulitsa kachinayi, kenako kachisanu. N'chimodzimodzi.

"Yachokera khola liti?"

"Lofiira, adokotala. Ngati zinzake zonse zija."

Namgung anakhala pansi. Zaka zisanu ndi zinayi anazithera pa mankhwala othandiza amayi oyembekezera amene magazi awo amathamanga kwambiri. Mwezi wamawa amayi mazana awiri ankayenera kuyamba kumwa. Chomwe chinatsala chinali kuyesa komalizaku: mbewa makumi anayi, theka m'makola ofiira, theka m'makola obiriwira. Gulu limodzi linkamwa mankhwala, lina ayi. Kuti pasakhale kukondera, woyesa sankaloledwa kudziwa gulu lomwe likumwa. Ankadziwa ndi a Pyo okha, bambo wosamalira ziweto za pamalopo, ndipo zinalembedwa m'envulopu yomata.

Koma nanga envulopu inali ya chiyaninso? Tiana ta m'makola obiriwira tinali bwinobwino tonse. Ta m'makola ofiira, toposa theka tinali topunduka ubongo.

"Mwina ndi maginito a makinawa akusokoneza," anatero Tak motsitsa mawu. "Nditha kujambulanso."

"Mwajambula kangati?"

"Katatu."

"Ndiye musandinyengerere ngati mwana."

Anatenga foni kuti aimbire kuchipatala, awauze kuti amayi aja asapatsidwe kanthu. Anaganiza za anthu khumi ndi mmodzi a m'gulu lake, amene Lolemba adzayambe kufunafuna ntchito kwina. Anaganizanso za mayi wina wa nambala yoyamba pa mndandanda, amene anapita padera kawiri ndipo anamugwira dzanja pothokoza.

Anaika foni pansi. Lamulo linali lakuti envulopu itsegulidwe kaye pamaso pa mboni.

A Pyo analowa atavala magolovesi awo abuluu, akununkha utuchi. Anaona nkhope za awiriwo, naweramitsa mutu, n'kupereka envulopu ndi manja awiri.

Namgung anaing'amba. Anawerenga. Anawerenganso, akutsata mzere ndi chala.

"Obiriwira ndiwo ankamwa mankhwala?"

"Eya, adokotala."

Tak anaphulika n'kuseka, n'kugwira tebulo. "Ndiye mankhwala anu alibe mlandu. Mwapambana, adokotala."

Namgung sanaseke. Anali akuyang'anabe mphako yakuda ija pa kompyuta.

"A Pyo, nanga za m'makola ofiira munkazipatsa chiyani?"

"Palibe. Chakudya n'chimodzi ndi zinzake. Mankhwala ndinkasungunulira m'madzi ogula a m'mabotolo, monga munalamulira. Za m'makola ofiirazi poti sizinkamwa mankhwala, ndinkangozitungira apa." Analoza sinki ya pakona. "Madzi a pampopi, omwe tauni yonseyi ikumwa."