Chule Amiza Chimanga cha Apongozi

Padangotero, kale nyama zikadali kugwira khasu, Chule ndi Mfuko adakwatira khomo limodzi, kwa mayi Nkhwali. Apongoziwo adapatsa mkamwini aliyense munda wa chimanga, nati wolephera kudzaza nkhokwe adzabwerera kwawo.

Mfuko adangofukula njira zake pansi, mpweya n'kumalowa m'nthaka. Chule adamuseka. Iye adaona kuti chimene chimamukomera iyeyo chiyenera kukomera aliyense, choncho adatseka mtsinje, madzi nasefukira m'munda mwake mpaka m'mawondo.

"Achimwene," adatero Mfuko, "mizu nayonso imapuma. Mukuimizatu."

"Inu osaona mukandiphunzitse ine za madzi?" adayankha Chule. "Bango ndi mpunga bwanji sizimira?"

Sadadziwe n'komwe kuti zimenezo zili ndi timphako m'kati, totsitsira mpweya kumizu. Chimanga chilibe.

Mizu ya chimanga itasowa mpweya, idayamba kusasitsa shuga wake ngati ofulula mowa, kuti ipezeko timphamvu tongoikokera masiku. Munda wonse udanunkha masese, masamba nachita chikasu. Chule adati kumeneko n'kucha msanga, nakaitana apongozi.

Mayi Nkhwali adaima patali, monga mwa ulemu wa chipongozi, nanunkhiza. Adalankhula atayang'ana kumbali.

"Bambo, ndidakupatsani munda kuti mwana wanga adye. Inu mwafululamo mowa. Tengani mphasa yanu."

Mpaka lero Chule ali kudambo, kulalikira kuti madzi sapha kanthu. Koma mukamuyang'anitsitsa, mphuno yakeyo waitulutsa pamwamba.

Nthano yanga yamira pomwepa.