Dzina Limene Wailesi Inatchula

"Khalani chete! Lero Malawi yense amva dzina langa!" anakuwa a Fuletcha, akukweza wailesi yobwereka. Yawo anaimwera kachasu kalekale.

Mwana wawo Salome anali atakhala pamphasa. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi, bambo akewa anamuthamangitsa chifukwa chowatayira botolo la kachasu. Anagona miyezi inayi pansi pa thandala la usipa ku Chipoka, mpaka mayi Enoki, oyanika nsomba, anamutola nʼkukamulembetsanso sukulu.

Lero, atamva kuti mwana anakhoza bwino Folomu 4, a Fuletcha anamuitanitsa. Anasonkhanitsanso anzawo onse akumowa kuti adzachitire umboni, nʼkuwalonjeza mowa wachikondwerero.

Wailesi inayamba kuwerenga mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite. Kenaka inati, "Salome Enoki."

"Alakwitsa! Ameneyu ndi Salome Fuletcha!"

"Sanalakwitse, bambo," anatero Salome. "Dzina lanu ndinalisiya pansi pa thandala paja. Mukalifuna, mukalitole komweko."

"Nanga mowa wachikondwerero uja tikamwera kwa a Enoki?" anafunsa mnzawo wina.

Salome anaimirira nʼkukungʼuntha chitenje.

"Zimitsani wailesiyo, bambo. Mukutha mabatire a eni ake."