Tonse Tagwirizana

Chigonjere mwamuna wake pa mtsutso, Elube ankagula mchere pongoloza ndi chala. Lamulo linkati munthu akatsutsana ndi wofuna mpando, makina oweruza mitsutso n'kumugamula kuti walephera, banja lake lonse lisalankhule kunja kwa nyumba mpaka chisankho china. Akalankhula, alandidwe dimba. Alendo ankawalonjera ndi m'manja, mbuzi zikalowa m'ndiwo ankazigenda osakuwa.

Chisankho chitayandikira, a Kamwendo, ofunanso mpando wa m'nyumba ya malamulo ya seneti, anabwera ndi chimkuzamawu. Ankati mtsikana akatha msinkhu asiye sukulu, kuti ulemu wa makolo ubwerere m'midzi.

"Ine mtsutso sindiuopa!" anakuwa ali pabwalo la mpira. "Ali ndi mawu abwere poyera!"

Tadala, mwana wamkazi wa Elube, anavala yunifolomu n'kuima pakhomo.

"Amayi, ndikukawayankha."

"Mwanawe, ukangotsegula pakamwa dimba lapita. Tidzadya chiyani?"

"Nanga sukulu yanga?"

Elube anayang'ana mwamuna wake, koma iye anangowerama n'kumasema mpini. Ndiye Elube anamugwira Tadala dzanja mwamphamvu, napita naye kukaima kumbuyo kwa khamu. Kumeneko anapeza mabanja ena otsekedwa pakamwa, ali duu ngati pamaliro. A Kamwendo anadikira, koma palibe anadzuka.

"Mwaonatu," anatero akumwetulira. "Tonse tagwirizana."

Atafika kunyumba, Tadala anavula yunifolomu ija, naipinda bwinobwino. Elube anatseka chitseko kuti alankhule momasuka, koma m'nyumbamo munalibenso wofuna kunena kanthu.